Ulendo wa pagulu: kayendedwe, zoopsa za pamsewu, ndi zochita njinga yamoto ikafa panjira

Kapitawo:
Akuluakulu, moni nonse. Njinga zikapitirira khumi paulendo umodzi, mavuto amene saoneka anthu ali ochepa amayamba kutuluka: mzere umatalika, akumbuyo amathamanga mopitirira muyeso kuti apeze anzawo, pamphambano ena amasochera. Tiyeni tigwirizane kayendedwe kamodzi tisananyamukenso.

Ndiyambe ndi kaimidwe. Mbali yathu ya msewu tiigawe patatu. Pamsewu wowongoka wa phula labwino timayenda mosemphanitsa: wotsogolera amakhala gawo loyandikira mzere wapakati, wachiwiri gawo lakumphepete, wachitatu kumbuyo kwa wotsogolera, chomwecho mpaka kumchira. Amene ali kutsogolo kwanu mumzere wanu mumusiyire masekondi awiri, amene ali chapambali sekondi imodzi. Kuyeza kwake n'kosavuta: mnzanu akadutsa chikwangwani kapena mtengo, yambani kuwerenga mpaka inu mufike pomwepo. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola njinga imayenda mamita 22 pa sekondi, ndiye masekondi awiri ndi mamita 44. Pa 100 ndi pafupifupi mamita 56. Kuyenda awiri phewa ndi phewa ayi, chifukwa mmodzi akafuna kuzemba dzenje alibe kolowera.

Wakumchira:
Zikomo a Kapitawo. Nkhani ya akumbuyo kuthamanga ndiifotokoze bwino, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi kusamvera. Wotsogolera akachoka pamphambano n'kupatsa moto nthawi yomweyo, wachiwiri amachedwa sekondi imodzi kuti aone n'kutsatira, wachitatu amachedwanso ina pamwamba pa imeneyo. Pofika pa njinga ya khumi mpata watseguka kwambiri, moti munthu ayenera kuyenda 110 kuti apeze gulu limene likuyenda 80. Choopsa chimabwera pamene kutsogolo agwira mabuleki, iye ali pakati pothamangitsa.

Mankhwala ake ali kutsogolo. Wotsogolera akachoka pamalo poima kapena akatuluka m'khona, akweze liwiro pang'onopang'ono mpaka aone nyali ya womaliza pagalasi. Chachiwiri, gulu limodzi lisapitirire njinga zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Tikakhala khumi ndi anayi tigawike pawiri, gulu lililonse ndi wotsogolera ndi wakumchira wake, tisiyane mphindi zisanu ponyamuka. Zimathandizanso magalimoto ofuna kutipitirira. Dalaivala akaona mzere wautali wopanda mpata amatopa n'kulowa pakati pathu mokakamiza.

Gogo_wa_Msewu:
Kusemphanitsa ndikuvomereza, koma tisakutenge ngati lamulo la paliponse. Msewu ukakhala wa maenje, wopapatiza, wa makhona, kapena m'mphepete mwadyeka, munthu aliyense amafuna mbali yonse ya msewu kuti asankhe podutsa. Pamenepo ndi mzere umodzi, mpata masekondi awiri kapena atatu. Wa gawo lakumphepete ndi amene amavutika kwambiri: mchenga, miyala, magalasi osweka ndi misomali zimasonkhana kumeneko, ndipo anthu oyenda pansi ndi ziweto zimatulukira komweko. Munthu asamamatire kumphepete chifukwa choti akusunga kaimidwe.

Kapitawo:
Zoona agogo. Chala chimodzi m'mwamba ndi mzere umodzi, zala ziwiri tabwerera kosemphanitsa. Chizindikiro chikachokera kutsogolo aliyense achibwereze kuti chifike kumchira.

Watsopano:
Pepani akuluakulu, ife ongoyamba kumene malo athu ndi ati? Ena amati tizikhala kumbuyo kuti tisachedwetse anthu.

Mlongo_Wanu:
Ayi achimwene, kumbuyo ndi kumene kuli ntchito yaikulu, monga afotokozera a Wakumchira. Watsopano akhale wachiwiri kapena wachitatu, pamene wotsogolera akumuona pagalasi n'kuyeza liwiro potengera iye. Wa njinga yaing'ono, monga ya injini ya 125cc kapena 150cc, nayenso akhale kutsogolo, chifukwa pachitunda sangathe kuthamangitsa gulu. Kumchira kukhale munthu wodziwa, wa njinga yamphamvu, wonyamula zida.

Ndipo mumve ichi: musalowe m'khona pa liwiro la munthu amene ali kutsogolo kwanu. Iye mwina ali ndi matayala ena, luso lina, ndipo akuona zimene inu simunaone. Maso anu asakhale pa nyali yake ya mabuleki, aziona kupitirira iye, kumene msewu ukupita. Akakusiyani, akusiyeni, gulu lidzakudikirani pamphambano.

Wakumchira:
Kudikirana pamphambano kuli ndi njira ziwiri. Yophweka ndi yakuti aliyense ali ndi udindo pa amene ali kumbuyo kwake: ukafika pokhotera ndipo mnzako sakuoneka pagalasi, ima pamalo abwino mpaka akuone. Yachiwiri ndi ya magulu aakulu: wotsogolera amaloza malo, wachiwiri amaima pamenepo n'kumalozera njira, ndipo sachoka mpaka wakumchira afike, kenako amalowa kutsogolo kwa wakumchirayo. Imagwira bwino ntchito ngati woimayo sachoka msanga, ngakhale papite mphindi makumi awiri. Akachoka, onse akumbuyo asochera. Aime poonekera, kunja kwa msewu, osati mkati mwa khona.

Kapitawo:
Zizindikiro zina timalize. Zonse ndi dzanja lamanzere, lamanja silichoka pa moto ndi buleki. Dzanja lotambasula, chikhatho choyang'ana pansi, kukweza ndi kutsitsa: chepetsani liwiro. Choopsa chili kumanzere, lozani ndi dzanja; chili kumanja, lozani ndi phazi lamanja. Kuloza thanki: mafuta atsala pang'ono. Koma ngati kuchotsa dzanja pa handulo kukuikani pangozi, siyani chizindikiro, gwirani njinga.

Kupitirira galimoto ndi mmodzimmodzi. Aliyense aone yekha ngati kutsogolo kuli bwino, osadalira kuti mnzake wadutsa. Amene wadutsa asachepetse liwiro atangolowa, apitirize kuti atsegule malo a wotsatira. Akachepetsa, mnzake amatsala mbali ya magalimoto obwera alibe polowa.

Za mafuta: aliyense afike ponyamukira thanki ili yodzaza, ndipo malo othirira timawerengera njinga ya thanki yaing'ono pa zonse. Tisayende maola opitirira awiri osapuma.

Gogo_wa_Msewu:
Tsopano za pamsewu penipeni. Chimene chimagwetsa anthu odziwa kale kuyendetsa ndi mchenga kapena timiyala m'khona. Umapezeka pamene msewu wafumbi ukulowa wa phula, pansi pa chitunda pamene madzi a mvula amatayira dothi, ndi pamene angokonza kumene. Mukauona muli patali, chepetsani liwiro njinga isanapendekeke, musanafike. Mukakhala kuti mwalowa kale, buleki yakutsogolo musaigwire mwadzidzidzi, moto musautseke mwadzidzidzi, wongolani njinga pang'ono mudutse mowongoka, kenako mupendekenso mwadutsa. Tayala lakumbuyo likaterera pang'ono nthawi zambiri limabwerera lokha ngati manja ali omasuka. Lakutsogolo likaterera njinga itapendekeka, nthawi yokonza imakhala yochepa kwambiri.

Dizilo ndi woipa kuposa mchenga chifukwa saoneka msanga. Amatayika m'mathanki a malole odzaza kwambiri, makamaka pa raundabauti ndi m'makhona akuthwa, chakunja kwa khona. Pouma amaoneka ngati mzere wakuda wonyowa, pamvula amaoneka mitundu ya utawaleza, ndipo fungo limamveka ngakhale muli m'chisoti. Mukamva fungolo, chepetsani kupendeka.

Mlongo_Wanu:
Ndiwonjezere mvula yoyamba. Msewu ukakhala nthawi yaitali osanyowa, mafuta, mphira ndi fumbi zimakhala pamwamba pa phula. Mvula ikangoyamba zonsezo zimayandama, ndiye mphindi zoyambirira ndi zoterera kuposa mvula itagwa ola lathunthu. Ngati pali pobisala, imani kaye. Ngati mukupitiriza, mpata ukhale masekondi anayi, ndipo dutsani mmene mwadutsa matayala a galimoto, osati pakati pamene pamadonthera oyilo. Mizere yopentedwa, zivundikiro zachitsulo ndi zitsulo za pamlatho zikanyowa, musagwirepo buleki kapena kupendekerapo.

Njanji: idutseni mowongoka momwe mungathere. Ikadula msewu mopingasa palibe vuto. Ikadula mopendekera, konzani njira yanu musanafike kuti tayala lisagwere mumpata wa chitsulo. Chimodzimodzi pamene phula latsopano lakwera kuposa lakale motsatira msewu: musalikwere mokhulana nalo, likwereni molunjika ndithu.

Watsopano:
Nanga dzenje likatulukira pafupi, nthawi yozemba palibe?

Gogo_wa_Msewu:
Gwirani mabuleki mwamphamvu njinga ili yowongoka, koma muwasiye musanafike pa dzenjelo. Chifukwa chake ndi ichi: buleki yakutsogolo imapanikiza mashoko akutsogolo, ndiye mukagunda dzenje mashoko atapanikizika kale, palibe chotsala cholandira kugundako. Limu imapindika, chubu chimatsinidwa, mwinanso mumaponyedwa. Siyani buleki, nyamukani pang'ono pampando mutaponda pa zopondera, mawondo opinda, handulo yowongoka. Mukadutsa imani muone limu ndi m'mbali mwa tayala ngati mwatupa.

Pozemba, kumbukirani kuti njinga imapita kumene maso akuyang'ana. Mukayang'anitsitsa dzenje mulowamo. Yang'anani mpata. Ndipo njinga ikamathamanga sikhota potembenuza handulo ngati njinga yakapalasa ikuyenda pang'onopang'ono: kuti ipite kumanja mumakankha handulo yakumanja kutsogolo, kuti ipite kumanzere mumakankha yakumanzere. Yesererani pamalo opanda magalimoto mpaka manja azolowere. Kuzemba ndi kugwira buleki mwamphamvu musazichite nthawi imodzi. Chimodzi chithe, china chiyambe.

Wakumchira:
Ziweto. Galu amawerengera pokumana nanu, ndiye chepetsani liwiro mukumuyandikira, tsitsani giya, akafika pafupi patsani moto. Musamumenye ndi mwendo, mugwa ndinu. Mbuzi kapena ng'ombe imodzi ikawoloka dziwani kuti zina zikutsatira, ndipo kamwana kamathamangira kumene kuli make ngakhale kadutse kutsogolo kwanu. Pamenepo ndi mabuleki basi, hutala imangozibalalitsa.

Malole aakulu: ngati simukuona galasi la dalaivala, iyenso sakukuonani. Lole yobwera kutsogolo imakankha mphepo, ndiye sunthirani kumphepete pang'ono, mawondo agwire thanki, manja akhale omasuka. Koma malo amene njinga zimagundidwa kwambiri ndi pamphambano, galimoto ikamakhota kudula njira yanu. Musakhulupirire kuti dalaivala wakuonani chifukwa nkhope yake yaloza kwa inu. Yang'anani tayala lakutsogolo la galimotoyo, ndilo limayamba kuonetsa kuti yanyamuka, ndipo zala ziwiri zikhale kale pa buleki.

Wa_150:
Mabwana, ndilowetse funso la injini. Njinga ya kabureta, imalira bwino m'mawa, imayenda makilomita angapo, kenako imayamba kudukiza ngati mafuta atha n'kuzima. Ikakhala mphindi zisanu kapena khumi imaliranso. Pulagi ndi yatsopano.

Makaniko:
Achimwene, zinthu zitatu ndi zimene zimachita zotere, ndipo muyambe ndi chosalira ndalama. Ikangozima, tsegulani chivundikiro cha thanki khutu lili pafupi. Mukamva mpweya ukulowa kuti fyuu, kabowo kopumira thanki katsekeka. Petulo akamatsika mpweya umayenera kulowa m'malo mwake. Ukalephera, m'thanki mumakhala kukoka ndipo mafuta amasiya kutsika. Ikakhala kanthawi mpweya umalowa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake imaliranso. Yesani kuyenda chivundikiro chosatsekedwa kwambiri, mafuta ali ochepera theka kuti asatayike. Vuto likatha, tsukani kabowoko kapena onani kapaipi kake ngati kapindika.

Ngati si zimenezo, onani katsikidwe ka mafuta. Tsekani kampopi, chotsani paipi pa kabureta, lozetsani m'botolo, tsegulani. Ayenera kutuluka mosadukiza. Akamadontha, sefa ya m'kampopi kapena fyuluta yapanjira yadzaza dzimbiri. Dziwani kuti kampopi kena kamatseguka ndi kukoka kwa injini, ndiye kameneko muyese pa PRI (pamene mafuta amatsika injini isakulira) ngati ilipo, kapena injini ikuzungulira.

Chachitatu ndi moto. Koyilo kapena CDI (kabokosi kolamula sipaki) ikayamba kutha imagwira ikazizira, ikatentha imadula. Kuti mudziwe, yesani sipaki nthawi yomweyo yazima, osadikira izizire: chotsani pulagi, ibwezereni m'kapu yake, gunditsani ulusi wake pa chitsulo cha injini kutali ndi bowo la pulagi, menyani kiki. Sipaki yabwino ndi yabuluu, yolira kuti tha. Ikasowa itatentha n'kubwerera itazizira, vuto lili kumagetsi. Kusiyana kwina: njinga yosowa mafuta imadukiza kaye n'kufooka, yodula moto nthawi zambiri imazima kamodzi.

Wa_150:
Zikomo bambo. Imafookadi kaye isanazime.

Makaniko:
Ndiye yambani ndi thanki ndi kampopi. Mukadali pomwepo masulani kasikuluwu ka pansi pa kabureta, mafuta atsikire m'botolo loonekera kuti muone ngati muli madzi. Madzi ndi olemera kuposa petulo, amakhala pansi ngati timadontho tozungulira. Amavuta kwambiri mukatembenuzira kampopi pa RES (rizevu), chifukwa pamenepo mafuta amachokera pansi penipeni pa thanki.

Pulagi yakale musaitaye musanaiwerenge. Yofiirira ngati khofi wamkaka, zili bwino. Yakuda ndi mwaye wouma, mafuta akuchuluka: fyuluta ya mpweya yatsekeka, choki sakubwerera, kapena fuloti yakwera. Yoyera mbuu, mafuta akuchepa kapena mpweya ukulowera pa labala ya pakati pa kabureta ndi injini, ndipo zimenezi zimatenthetsa injini mpaka kuwononga pisitoni. Yakuda yonyowa ndi oyilo, maring'i kapena masilo a mavalavu atha. Mpata wa pulagi pa njinga zambiri uli pakati pa mamilimita 0.6 ndi 0.9, koma tsatirani buku la njinga yanu. Njinga imene imalira ndi choki yekha, mukamuchotsa n'kuzima, jeti yaing'ono (kabowo kodutsa mafuta m'kabureta) yatsekeka. Itsukeni ndi mankhwala otsukira kabureta ndi mpweya, osati kuboola ndi singano, mukulitsa bowo.

Wamagetsi:
Ndilankhulepo za njinga imene yakana kulira pamalo opumira, gulu lonse lavala kale zisoti. Musanamasule chilichonse: siwichi yofiira ya pa handulo ili pa RUN? Sitandi yam'mbali yakwera? Giya ili pa nyutulo? Kilatchi mwaigwira? Njinga zambiri zili ndi masiwichi pa sitandi ndi pa kilatchi, ndipo wa pa sitandi amalowa matope n'kuleka kugwira.

Mukatembenuza kiyi ndipo palibe nyali ngakhale imodzi, onani mitu ya batire ngati yamasuka kapena yachita ufa woyera, kenako fyuzi yaikulu, imene nthawi zambiri imakhala pafupi ndi batire kapena pa relay ya sitata. Nyali zikayaka koma mukadina sitata n'kumveka kuti tha tha tha nyali zikufooka, batire yatsika kapena mitu yake sikugwira bwino.

Ndi multimeter (chipangizo choyezera magetsi) manambala ake ndi awa. Batire yopuma, yodzaza: mavolti 12.6 mpaka 12.8. Pansi pa 12.4 ikufuna kutchaja. Podina sitata isatsike pansi pa 10 kapena chapomwepo. Ikagwa kwambiri yatha ngakhale imaonetsa 12.6 itapuma. Injini ikulira cha pa 4000 rpm muyenera kuona 13.5 mpaka 14.5. Ikakhala pa 12 pomwepo, sikutchaja. Ikapitirira 15, regulator (kabokosi koletsa magetsi kupitirira muyeso) yafa ndipo iphika batire ndi kupsereza mababu. Ambiri amagula batire yatsopano vuto lili pa kutchaja, patapita masiku ochepa yatsopanoyo yatsikanso.

Sikutchaja? Pa njinga ya mawaya atatu achikasu ochokera ku stator (makoyilo opanga magetsi m'injini), yambani ndi pulagi yolumikizira mawayawo, imakonda kupsa n'kusungunuka. Ichotseni, ikani mita pa AC, yezani mawaya awiriawiri katatu injini ikulira. Manambala atatuwo afanane ndipo azikwera mukapatsa moto. Injini itazima, pasakhale waya wachikasu wolumikizana ndi fulemu. Zonsezo zikakhala bwino, wotsala ndi regulator.

Watsopano:
Kukankha kapena kutenga moto pa galimoto kuli bwino?

Wamagetsi:
Kukankha: kiyi wotsegula, giya yachiwiri, gwirani kilatchi, anzanu akankhe, siyani kilatchi kamodzi mukukhala pampando mwamphamvu kuti tayala lisakwekwereke. Njinga ya injekishoni imafuna magetsi oyendetsa pampu ndi kompyuta, ndiye batire ikafa kotheratu kukankha sikuthandiza. Mukatembenuza kiyi muzimva pampu ikulira masekondi awiri kapena atatu. Kutenga moto pa galimoto ya mavolti 12 n'kotheka, koma injini ya galimotoyo ikhale yozima. Lumikizani ofiira kaye, wakuda pomaliza pa chitsulo cha fulemu.

Fyuzi ikapsa, ikani ya nambala yomweyo. Ikapsanso nthawi yomweyo pali waya wosupuka wogunda fulemu, ndipo malo oyamba kuyang'ana ndi pakhosi pa njinga pamene mawaya amapindika mukatembenuza handulo. Kumanga waya m'malo mwa fyuzi ndi kuwotcha mawaya onse.

Mlongo_Wanu:
A Makaniko, tiuzeni za tcheni ndi matayala. Paulendo wautali zimenezi ndi zimene zimaimitsa gulu kuposa injini.

Makaniko:
Zoonadi achemwali. Tcheni muyeze pakati pa masipuloketi awiri, chakumunsi, pokankhira m'mwamba ndi pansi. Njinga zambiri za pamsewu zimafuna mamilimita 25 mpaka 35, za mashoko aatali zimafuna ochulukirapo. Nambala yeniyeni imalembedwa pa sitika ya pa swingarm (chitsulo chogwira tayala lakumbuyo). Zungulizani tayala mupeze pamene tcheni chathina kwambiri, muyezere pamenepo, chifukwa tcheni sichitha mofanana. Chothina kwambiri n'choipa kuposa chokhwepa pang'ono: mukakweza munthu kapena katundu chimathinanso, n'kudya beringi ya shafti ya giya ndi silo yake. Pokoka, mizere ya mbali zonse ziwiri ifanane kuti tayala lisapotoke, ndipo nati ya ekiselo mumange bwino pomaliza.

Mafuta a tcheni: makilomita 500 mpaka 1000 aliwonse, ndiponso mukayenda pamvula. Thirani mkati mwa tcheni mutangofika chikadali chofunda. Injini ikhale yozima, tayala muzungulize ndi dzanja. Anthu ataya zala popukuta tcheni injini ikulira pa giya. Kokani tcheni chakumbuyo pa sipuloketi yaikulu: mukaona theka la dzino, chatha. Mano akasongoka kapena kupindikira mbali imodzi, sinthani tcheni ndi masipuloketi onse awiri pamodzi.

Wa_150:
Potsuka, petulo sangathandize? Amachotsa litsiro msanga.

Makaniko:
Pa tcheni cha timphira ta O-ring ayi. Petulo amawononga timphirato n'kutsuka girisi wa mkati amene simungabwezeretse. Gwiritsani palafini ndi bulashi yofewa, pukutani, kenako thirani mafuta.

Matayala: mpweya muyeze ali ozizira, musananyamuke. Njinga zazing'ono zambiri zimakhala cha pa 25 psi kutsogolo ndi 29 kumbuyo, zazikulu zambiri 36 ndi 42, koma sitika ya njinga yanu ndiyo yolamula, ndipo imapereka nambala ina mukakweza munthu. Nambala ya m'mbali mwa tayala ndi malire, si imene muyenera kupopa. Tayala lochepa mpweya limatentha, limalemera pokhota, ndipo chubu chimatsinidwa pa dzenje. Onaninso zaka: m'mbali mwa tayala, pambuyo pa zilembo za DOT pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Tayala lopitirira zaka zisanu liziyang'aniridwa ngakhale mapanga akuoneka, chifukwa mphira umauma n'kuyamba ming'alu.

Likaphulika mukuyenda, gwirani handulo molimba, tsekani moto pang'onopang'ono, musagwire buleki ya tayala lophulikalo. Liwiro likatsika gwiritsani buleki ya tayala labwino mofatsa, tulukani mumsewu. Tayala lopanda chubu lobooledwa ndi msomali pakati mungalitseke ndi tizingwe tomata totsekera mabowo a matayala kuti mukafike kokonzetsa. Bowo la m'mbali silimatidwa, tayalalo latha.

Gogo_wa_Msewu:
Mabuleki tisawadumphe. Yakutsogolo ndi imene imaimitsa njinga, pafupifupi magawo asanu ndi awiri mwa khumi. Oopa buleki yakutsogolo n'kumadalira yakumbuyo yokha amaima patali kwambiri. Kagwiridwe kake ndi kufinya: yambani mofewa kuti kulemera kupite kutsogolo tayala ligwire pansi, kenako onjezerani. Potsetsereka phiri lalitali tsitsani giya injini ikuthandizeni. Mukatsamira pa buleki njira yonse mafuta ake amatentha, ndipo ngati ndi akale amawira, chogwirira chimafika pa handulo popanda kugwira. Mafuta a mabuleki a DOT 4 amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake amasinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Mapadi akatsala mamilimita awiri, konzekerani ena.

Wakumchira:
Ndipo handulo ikayamba kugwedezeka yokha pa liwiro, musalimbane nayo, musagwire buleki yakutsogolo. Mawondo pa thanki, weramirani kutsogolo, chepetsani moto pang'onopang'ono. Mukaima onani mpweya, kenako katundu: chikwama cholemera chomangidwa kumbuyo kwenikweni chimapepukitsa tayala lakutsogolo. Zolemera zikhale pansi ndi pafupi ndi pakati pa njinga. Ngati zikupitirira, nyamulani tayala lakutsogolo m'mwamba, tembenuzani handulo uku ndi uku. Ikamakodwa pakati, kapena mukamva kugogoda pogwedeza mashoko, maberingi a pakhosi atha kapena amasuka.

Makaniko:
Kilatchi ndiitchule mwachidule. Chogwirira chikhale ndi mpata wa mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga chisanayambe kukoka. Popanda mpata kilatchi imaterera: injini imakwera, liwiro osakwera. Oyilo akhale wolembedwa JASO MA kapena MA2, chifukwa oyilo wina wa magalimoto ali ndi mankhwala oterereza amene amawononga kilatchi yosambira m'oyilo. Kebulo ikayamba kuthothoka tiwaya pafupi ndi chogwirira, isintheni musananyamuke.

Njinga ikazima mukuwoloka madzi akuya, musadine sitata. Madzi akalowa m'silinda safinyika, ndodo ya pisitoni imapindika. Chotsani pulagi, tsegulani bokosi la fyuluta mutaye madzi, zungulizani injini ilavule, tsitsani mafuta a m'kabureta. Oyilo akaoneka ngati mkaka, asinthidwe msanga.

Kapitawo:
Wina akagwa, tigawane ntchito. Awiri apite uku ndi uku kukachenjeza magalimoto patali ndithu, makamaka ngati ndi pakhona. Mmodzi azimitse injini ya njinga yagwayo ndi kutseka mafuta. Mmodzi aimbe foni yopempha thandizo. Wovulala asadzutsidwe, ndipo chisoti chisavulidwe pokhapokha ngati sakupuma kapena akutsamwa, chifukwa khosi likhoza kukhala litavulala. Magazi akamatuluka kwambiri, panikizani pabalapo ndi nsalu yoyera osasiya. Otsala aimike njinga zawo kunja kwa msewu, asaunjikane pamalopo. Aliyense anyamule kapepala kolemba nambala ya wachibale ndi matenda amene ali nawo, kakhale m'thumba la jekete.

Mlongo_Wanu:
Chisoti chikhale chomanga. Lamba wapachibwano alole zala ziwiri zokha. Chosamanga chimavuka munthu asanafike pansi. Yang'anani chizindikiro cha muyezo wa chitetezo cha ECE 22.05 kapena 22.06 pa lambayo, ndipo chimene chamenyedwapo kamodzi mwamphamvu chisinthidwe ngakhale kunja kukuoneka bwino. Galasi lakuda la chisoti ndi la masana okha.

Kapitawo:
Zida za wakumchira zikhale izi: pampu, geji ya mpweya, zomatira matayala amitundu yonse iwiri, zitsulo zovulira tayala, mafyuzi, tepi, mawaya, multimeter, chingwe chokokera ndi bokosi la chithandizo choyamba. Koma sipanala ya ekiselo, sipanala ya pulagi, pulagi yapadera ndi chubu aliyense anyamule za njinga yake, chifukwa masaizi amasiyana.

Makaniko:
Muwonjezepo cholumikizira tcheni cha saizi yanu. Nambala imalembedwa pa tcheni pomwepo, monga 428 kapena 520, ndipo cha 428 sichilowa pa 520. Poika kakilipu kake, mbali yotseka iloze kumene tcheni chikupita, yotseguka itsalire kumbuyo. Mukakatembenuza, kakakhudza chinthu chilichonse kamavuka ndipo tcheni chimaduka mukuyenda. Kanikizani ndi pulayala mpaka kalowe m'mizere ya mapini onse awiri, kenako zungulizani tayala kawiri muone ngati kakhala.